Nsalu ya apongozi anga m'manja mwanga

Mpaka lero sinditha kudya mbale imodzi ndi a Namakhwa, ndipo si chifukwa cha mwambo wokha ayi. Ndifotokoza, koma musandiseke kwambiri.

Ndinaphunzira pasukulu ya mishoni ya m'mudzi mwathu, choncho pa esiteti ya tiyi ndinkagwira ntchito yomasulira. Azungu analipo awiri. Wina tinkamutcha Bwana Ndevu, wa ku Sikotilandi, winayo Bwana Kafodya, wa ku Welesi. Nyuzipepala zakwawo zikafika, zitakalamba kale panjira, ankakangana za masewera otchedwa ragibe, a mpira wooneka ngati papaya. Mayiko awo amalimbana pamasewerawa, ndipo mkangano unali pa anthu asanu ndi atatu akutsogolo, amene amawerama, kukolekerana, n'kumakankhana ndi anzawo polanda mpira.

Ndevu ankati dziko lizingosankha zimphona, wofika msanga awerame msanga, basi. Kafodya ankati aliyense akhale ndi malo ake: akhosi lonenepa patsogolo, ataliatali kumbuyo kwawo, othamanga m'mbali. (Ine ndinkavomera onse awiri. Ndi khalidwe langa.)

Loweruka lina anagwirizana zoyesa njira ziwirizi. Ndevu anatenga ocheka matabwa otsika kuphiri la Chambe. Kafodya anandiuza kuti ndimusankhire anthu mwa onyamula machila, ndipo pofuna kumusangalatsa ndinayamba ndi wamphamvu kuposa onse, kapitawo wawo, a Namakhwa.

Tsono a Namakhwa ndi bambo a Nelesi. Ankhoswe anga anali atapita kale kwawo kukamufunsira, yankho lisanabwere. Chiyambire tsikulo ndinkapatuka panjira ndikawaona, n'kunjuta kutchire mpaka adutse. Ngakhale powasankhapo ndinachita kutuma munthu.

Anthu atasonkhana pabwalo la sitolo, nawonso anayamba kukangana.

"Amafuna onenepa, ukachita chiyani iwe Likhuta, miyendo ngati ya nkhuku?"

"Pamachila wakutsogolo ndi wakumbuyo salingana, achimwene. Mzungu wafodyayu akunena zoona."

"Nanga mpirawo tiudya?"

Kafodya anawayala mmene ankafunira. A Namakhwa anawaika pakati pa mzere woyamba. Atawerenga anapeza asanu ndi awiri, poti wina anali atazemba. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Ndine wamtali ngati nsungwi, ndipo wamtali malo ake ndi mzere wachiwiri. Anandigwira paphewa n'kundionetsa: mutu ulowe apa, pambali pa chiuno cha wakutsogolo, phewa litsamire pansi pa thako lake, dzanja ligwire nsalu yake zolimba.

Wakutsogoloyo anali a Namakhwa.

Ndikanatha kufotokoza. Mawu a Chingerezi onena apongozi ndinkawadziwa. Koma ine amene ndinkamasulira madandaulo a anthu onse, langa linandikanika. Ndinangoti, "Inde, bwana."

Ulendo woyamba anzanga atawerama, ine ndinagwada kumbuyo kwawo, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono, ndikunong'ona kuti, "Pepani bambo, pepani." Ocheka matabwa anatikokolola mpaka pamtengo wa mbawa. Ndevu anaseka mpaka chipewa chinagwa.

Ulendo wachiwiri ndinatsamira, koma mwaulemu, ngati mmene umagwirira dzira. Tinabwereranso kumbawa komweko.

A Namakhwa anadzuka akusasa fumbi. Sanandiyang'ane, poti nawonso mwambo ankausunga. Analankhula ndi Likhuta, amene anali pambali panga.

"Likhuta, tawauzani a kumbuyo kwangawa. Ine sindinagonjepo kwa anthu a macheka. Ngati kusukulu anawachotsa msana, anene."

"Akuti ngati kusukulu..."

"Ndamva," ndinatero, maso ali pansi.

Apa ndinaona kuti Nelesi akundipulumuka. Kukankha n'chipongwe, kusakankha n'ulesi, ndipo palibe amene amapereka mwana wake kwa mkamwini waulesi. Ulendo wachitatu ndinatsinzina, ndinakulunga nsalu yawo m'chibakera, n'kukankha ndi mphamvu zonse zimene ndinasunga chibadwire. Ndinamva tikuyenda. Ndinamva Kafodya akukuwa. Kenaka zonse zinagumuka, anthu anagwerana, ine n'kudzuka ndekha, ndili wosangalala pang'ono.

Nsalu inali m'manja mwanga. A Namakhwa anali cha uko.

(Ndisaiwale kunena kuti inali nthawi yoweruka, ndipo amayi othyola tiyi anali ataima m'mbali ndi madengu awo. Mayi a Nelesi analipo. Anavundikira dengu kumutu.)

Munthu wanzeru akanaponya nsaluyo msanga. Ine ndinakumbuka kuti apongozi sapatsidwa chinthu mwachisawawa. Ndinaipinda bwinobwino kanayi, ndinagwada, n'kuipereka ndi manja awiri kwa Likhuta kuti akapereke. Nthawi yonseyi mkulu wa anthu anali atakhala pansi, atadziphimba ndi chipewa cha Ndevu.

Masiku atatu sindinadye bwino. Tsiku lachinayi malume anga, amene anali nkhoswe, anapita ndi tambala kukapepesa, ine ndikudikira kuseri kwa nkhokwe yathu. Anabwera akuyenda pang'onopang'ono.

"Tambala alandira," anatero. "Afunsa ngati ndi iwe unakankha ulendo womaliza uja. Ndavomera. Akuti a macheka anafika pakhonde la sitolo chobwerera, ndiye mwanayo ndi wako."

Ndinayamba kuthokoza.

"Dikira. Akuti ankakuyesa wofooka, ndiye amati akupatse kamunda ka kudimba. Tsopano poti aona msana wako, pali munda wa kuphiri uja, wa zitsa."

Zitsazo ndikuzulabe. Azungu aja sanagwirizane: Kafodya akuti tinapambana chifukwa aliyense anali pamalo pake, Ndevu akuti chifukwa a Namakhwa ndi chimphona. Palibe anandifunsa, ndipo akanandifunsa ndikanavomera onse awiri.

Panjira ndimapatukabe ndikawaona apongozi anga, monga kale. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku ano nawonso amapatukira mbali inayo, dzanja lili pamfundo ya nsalu.