Dedza pa Khoma la Apongozi

Lolemba
Apongozi andipatsa khoma lonse la tiyirumu yawo yatsopano kuti ndijambulepo tauni ya Dedza. Zaka zisanu ndikungolemba "Nyama Pano" pa mabutchala, lero ndapata! Atcheyamani a chipani adzatsegula malowa Loweruka.
Zojambula: phiri, msika, msewu, basi ya ku Blantyre, ndi kamunthu ka sutikesi kodikira basiyo. Kamunthuko ndi ine, palibe akudziwa. Ndakapaka penti katatu kuti kawale.

Lachiwiri
Phiri latha, lagunda denga. Ndikulisirira ndekha. Apongozi akukhoma chithunzi cha Mtsogoleri pakhoma lomwelo, kubwerera m'mbuyo, nkhope gwaa. Lamulo aliyense amalidziwa: pamwamba pa chithunzicho sipakhala kanthu, ngakhale wotchi. Akuti, "Akamwini, phirili litsike."
Ndalidula. Tsopano likuoneka ngati chulu.

Lachitatu
Mkazi wanga akuti amayi apamsika ndajambula aja mawondo ali pamtunda, boma linaletsa. Timadontho ta penti tokha! Ndawaveka zitenje mpaka ku akakolo. Wogulitsa kachewere tsitsi lafika pakolala, ndamumeta mpala.

Lachinayi
Atelala apakhonde, mlamu wa atcheyamani, asuzumira. Akufunsa kuti basiyi ikulowera kuti. Ndikuti ku Blantyre. Akuti mphuno yake yaloza kumalire, kothawira zigawenga, n'kubwerera pamakina awo akuimba mluzu.
Aphunzitsi ena a ku Mphunzi anatengedwa chifukwa cha nkhani yochepa kuposa iyi, mpaka lero sanabwere. Ndili ndi mantha, ndisaname.
Ndafafaniza basi. Kamunthu katsala kokha, sutikesi m'manja, maso kumalire. Ndaonjeza moto.

Lachisanu
Zafafanizidwa lero:
msewu, akuti maenje ake akunyoza chitukuko;
mbendera, penti wofiira wandithera pakati;
galu wogona pakhomo pa ofesi, sindikudziwa chifukwa, koma apongozi akuti achoke.
Iwo akhala pabenchi ndi kolona, sakundiyang'ananso. Madzulo anditumizira ndowa ya njereza. Ndapaka khoma lonse. Mbee!

Loweruka
Atcheyamani aima patsogolo pa khoma, manja kumbuyo, atelala pambali pawo. Akuti anamva kuti pali tauni, nanga ili kuti? Pakamwa payankha pokha: "Ndi Dedza mu Juni, bwana. Nkhungu."
Ndikumva ketulo ikuwira.
"Ndi momwemo ndithu," akutero atcheyamani. "Ngakhale phiri silioneka." Onse m'manja phuphuphu. Akondwa mpaka kulonjeza kuti azimwa tiyi pano m'mawa uliwonse, pampando woyang'ana khomalo.

Lamulungu
Pochokera ku Misa ndadzera ku tiyirumu. Njereza sigwira pa penti wamafuta, makamaka wopaka katatu. Yayamba kukanganuka. Phiri silikuoneka, msika sukuoneka, koma kamunthu kaja katulukira, sutikesi yake ili m'manja.
Ndakhoma msomali pamutu pake, ndakolekapo jekete lakale la apongozi. Ndawauza kuti lisachoke pamenepo ngakhale kuzizire bwanji.
Kakhale momwemo kuseri kwa jekete. Basi yake ndinaifafaniza ndekha Lachinayi. Mawa kuli kulemba "Nyama Pano" ku Chimbiya.