Tsamba la Msika wa pa Mbaula

Usiku watha ndinalota, amayi inu, ndipo mpaka pano mtima ukundiwira. Esinala, siya kaye kuwaza madzi masambawo, umve. Ndinalota ndili pompano m'mbali mwa msewu, beseni la tomato lili pamutu, ndiye beseni lija likundiuza kuti, "Nangondo, fulumirani, lero akutseka buku."

"Buku lanji?"

"Lija mumalembedwa mbiri ya chilichonse cha pansi pano, amati ensaikolopediya. Mwatsala tsamba limodzi lokha. Akulimbirana tsambalo ndi msika wathu wa pa Mbaula ndi Ujeni wa denga lobiriwira."

Ujeni mukumudziwa nonse, chinyumba cha mashopu chija anamanga atatigwetsera msika. Dzina lake sinditchula, chifukwa chake mumva kutsogoloku.

Ndiye ndinakwera minibasi yopanda matayala koma ikuthamanga bwinobwino, mwadzidzidzi ndapezeka mu holo ya khonsolo. Buku lija analiyala pansi, lalikulu ngati bwalo la mpira, anthu akuvula nsapato polidutsa. Muli mapiri, muli nkhondo, muli ngakhale mbiri ya utitiri. Kutsogolo kwakhala mabwana atatu a majekete akuda. Ndikuwapatsa moni, wapampando anakhosomola kamodzi n'kusanduka khwangwala, kolala yoyera ili m'khosi momwemo. Mlembi anagumuka ngati chulu n'kukhala chiswe chokhachokha, chilichonse chanyamula cholembera chake. Wachitatu sanavutike kwambiri, anangotembenuza maso n'kukhala bilimankhwe, ndipo ndinaona kuti ameneyu anali choncho ndi kale.

Ndiye Ujeni analowa atavala suti ya magalasi, mphepo yozizira ikutuluka m'khwapa. Kumbuyo kwake kuli abale ake a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, onse nkhope imodzi, zipewa zobiriwira zofanana.

"Wamkulu ndani apa?" anafunsa khwangwala.

"Takulandirani!" anayankha onse pamodzi.

"Ndati wamkulu ndani?"

"Mubwerenso!"

Khwangwala anajompha tebulo n'kunena lamulo. Akuti chinthu chimalowa m'bukumo pokhapokha anthu ena, osakhala abale ake kapena odya zake, atachikamba mokwanira. Kukula sikuthandiza, kuwala sikuthandiza. "Itanani mboni zanu, bambo."

Mwadzidzidzi kunatulukira kangolo kokankha kaja amaikamo katundu, tayala limodzi likulira. "Ine ndimawadziwa bwanawa," kanatero. "Ndi munthu wabwino, wotchipa."

"Umagona kuti iwe?" ndinakafunsa ine.

"M'khonde mwawo."

"Khala pansi," anatero khwangwala.

Kenako chikwangwani chija cha pa mphambano chinabwera chikuyenda ndi miyendo yake yachitsulo, n'kuyamba kudziwerenga chokha kuti mitengo yatsika. Atachifunsa amene anachilemba, chinaloza Ujeni. Pomaliza anabweretsa chidole cha pa windo chovala diresi, koma chinapezeka kuti chilibe mutu, ndiye umboni wake unali wongoima.

"Bambo," anatero khwangwala, "onsewa ndi a m'nyumba mwanu. Munaona kuti mkwati akudziimira yekha unkhoswe?"

Amayi inu, Ujeni anayamba kutuluka thukuta, madzi ozizira akudontha ngati filiji yozima magetsi. Tsamba linali lathu. Ndinalimva fungo lake, fungo la chimanga chootcha.

Ndiye khwangwala anatola tomato wosapsa m'beseni mwanga n'kumuika pa tebulo. "Inu a pa Mbaula, nthawi ndi yanu. Mulankhula mpaka tomatoyu atapsa."

Beseni linandinong'oneza, "Nenani za msika. Za msika zokha."

Ndipo ndinali nazo zonse pakamwa. Ndimafuna kunena za malemu Namilanzi, amene anayamba ndi mbaula imodzi pansi pa mtengo wa mthethe mpaka malo onse anatenga dzina. Ndimafuna kunena za ana athu amene anakulira pansi pa mabenchi, akuyamwa kwa aliyense amene ali pafupi. Za mmene tinkatsekera msika wonse mnzathu akamwalira, n'kupita kumanda mabeseni ali pamutu. Ndinatsegula pakamwa ndithu. Koma Ujeni anayang'ana mapazi anga n'kunena mwaulemu wake uja wa m'mphuno, "Mayi, mungapukuteko kaye fumbilo? Apa ndi pa matailosi."

Basi. Esinala, umandidziwa.

"Fumbi? Iwe ukunena fumbi? Fumbi limeneli ndi la pamalo pomwe wakhalapo iwepo! Tomato wako wozizira ngati wachokera ku mochale, womangidwa m'pulasitiki kuti munthu asamununkhize, umati ndi tomato ameneyo? Unayamba wamuikirapo munthu banyira iwe, ngakhale anyezi mmodzi? Ife munthu akagula mulu timaponyapo wina pamwamba, ndiwo umunthu. Iwe umachita kumuyeza tomato pa sikelo ngati mwana wa ku kiliniki!"

"Nangondo, msika," likutero beseni.

"Chete iwe!"

Mwadzidzidzi pansi panasanduka masitepe oyenda okha aja, akundikweza ndi kunditsitsa, ine ndikukalipabe. Ndinanena za alonda ake amene amatisuzumira m'zikwama potuluka ngati tabera maliro. Ndinanena za tsiku lija masitepewo anameza nsalu ya mnzathu Felesiya, iye n'kufika pamwamba atagwira mfundo yokha. Ndinanena za nyimbo zake zogonetsa, za magetsi ake osazima pomwe tauni yonse ili mumdima, za chimbudzi chake chimene madzi amatuluka okha iwe usanamalize. Ndinawatembenukira abale ake aja. "Iwenso wa ku Mzuzu usabisale, ndinalowamo mwako popita ku chinkhoswe cha mdzukulu wa achemwali, n'chimodzimodzi! Wa ku Blantyre, chimodzimodzi! Munthu ukalowa sudziwa kuti uli mzinda uti. Mayi anu ndi makina osindikizira!"

Chiswe chija chikungolemba, tseketeseketeseke, mizere ikudzaza. Ine kumaganiza kuti chikulemba milandu yake.

Ndiye ndinayang'ana pa tebulo. Tomato uja wapsa kalekale, wafewa, ntchentche zikumuzungulira. Ndinayang'ana bilimankhwe. Wasanduka wobiriwira ngati denga lija, kuyambira kumphuno mpaka kumchira.

"Umboni wakwana," anatero khwangwala. "Mayiwa si m'bale wake, sadya zake, ndipo akumudziwa kuyambira ku denga mpaka ku chimbudzi, ndi abale ake omwe. Mboni yotere sitinaionepo. Tsamba ndi la bambowa."

"Ha! Inu a khwangwala, munali kuti? Ine ndimamunyoza!"

"Buku silisankha, mayi. Kunyoza ndi kukamba komwe."

"Nanga pa Mbaula?"

Khwangwala anafunsa chiswe, chiswe chinafufuza mzere ndi mzere. "Za pa Mbaula palibe wanenapo kanthu."

Mwamva tsopano chifukwa chake sindikumutchula dzina. Pakamwa panga pomwepa, pamene panabalalitsa apolisi a khonsolo tsiku logwetsa mabenchi, ndi pamene panamulowetsa m'buku. Beseni linangozizira pamutu.

Sindinapemphepo kanthu kwa bwana chibadwire, koma apa ndinati, "Chabwino, mwagulitsa mulu wonse. Ndiikireniko banyira. Mzere umodzi wokha, wa Namilanzi ndi mbaula yake."

Anagundanitsa mitu, akunong'onezana za malamulo. Kenako kachiswe kamodzi kanatsikira pansi penipeni pa tsambalo n'kulemba timalemba tochepa ngati mazira a nsabwe: "Pamalopa kale panali anthu ena." Ndisanamalize n'kuwerenga komwe, anzake anafika n'kudya mzerewo, akuti nthawi ya nkhomaliro yakwana.

Ndiye Ujeni anabwera kudzandigwira chanza, dzanja lozizira ngati nsomba. "Zikomo kwambiri, mayi. Takukonzerani kamphatso." Ndikutembenuka, chikwangwani chija chavala nkhope yanga, ine ndikumwetulira mano onse pamtunda, nditakumbatira tomato wa m'pulasitiki, pansi atalemba kuti kasitomala wathu wokhulupirika. Abale ake onse akuwomba m'manja, "Mubwerenso! Mubwerenso!"

Apo ndiye ndinatsitsa beseni. Ndinalipepesa kaye, kenako ndinalikweza ndi manja awiri n'kumuphwanya nalo pa suti ya magalasi ija. Pha! Sanasweke. Pha! Khwangwala akuuza chiswe kuti lembaninso zimenezo, zikuwonjezera mbiri. Pha! Pha! Pha!

Ndiye kuphaphako kunapitirira kokha manja anga ataima, ndipo ndinatsegula maso ndili pamphasa panga, thukuta lili thoo, kunja kwayera. Anali kondakitala wa minibasi ya m'mawa akumenya chitseko cha minibasiyo kumsewu uku, pakhomo penipeni pa Ujeni, pamene palibe mbaula ngakhale imodzi, akukuwa ndi mawu ake osasa aja:

"Pa Mbaula! Pa Mbaula otsika!"