Munsi Wanga wa Tsanya Pansi pa Galimoto ya a Zuze

Amene analipo tsiku limenelo ndi awa: ine, amuna anga a Zuze, mwana wathu Rozina ali ndi pathupi potopa, ndi azamba a Malita. Amene kunalibe: mkamwini wathu, mwini wake wa mimbayo, amene anali ku Bangula kokagula nsomba, ndi alamu anga, amene anabwereka ngolo yathu ya ng'ombe nthawi ya thonje osaibweza. Iwe Joana mdzukulu wanga, amene umaseka ndikamanena izi, unalipo ndithu, koma unali m'mimba, ndiye sunaone kanthu. Wotsutsa abwere ndi mboni zake. Zanga zonse zili kumanda, ndipo palibe ndi imodzi yomwe inadzukapo kudzati ndikunama.

A Zuze ankaphikira mzungu wina wa kuminda ya nzimbe ku Nchalo. Mzunguyo pobwerera kwawo anawafunsa chimene angawasiyire. Mwamuna wanzeru akanati malata, kapena makina osokera. Anga anati galimoto. Inabwera kwathu ku Chapananga yofiira ngati phwetekere, yopanda denga, mphuno yaitali, mimba yokhwekhwereza pansi ngati ng'ona, mipando iwiri yokha ngati kuti kwawoko anthu sabereka. Sinanyamulepo ngakhale thumba limodzi la mapira. M'mawa uliwonse ankaipukuta ndi chitenje changa, uku akuinong'oneza Chisena chokoma chimene ine sanandilankhulepo chikwatirane.

Pansi pake panali chitsulo chachitali ankachitcha shafuti, chimene chimatenga mphamvu ku injini kupititsa ku mateyala a m'mbuyo. Chinali chitadyeka m'mfundo zake. Akaponda moto, gugudu. Akasiya, gugudu. Ndinawauza kuti, “Bambo a Rozina, mkazi mnzangayu akudwala msana.” Iwo amvekere, “Nkhabe, sakudwala ayi, akungokonza kukhosi.”

Tsikulo kunali dzuwa lathu lija loti mthunzi wako umakuthawa n'kukabisala pansi pa nkhokwe. A Malita anatuluka m'nyumba thukuta lili kamukamu. “Mwana wagona mopingasa. Ine pano ndalephera. Thamangani naye kuchipatala cha mishoni, apo ayi titaya awiri.” Ngolo kunalibe, monga ndanena. Tinamukhazika Rozina pampando, ine ndinakhala kumbuyo pa buti, a Zuze analiza injini, ndipo tisanatuluke ndi pabwalo pomwe tinangomva gwa! Shafuti pansi. Injini ikulira, galimoto ili chiimire.

A Zuze anachitola chitsulocho ngati akunyamula maliro. “Ina ikachokere ku Limbe,” anatero. Ku Limbe, mwana wanga akubuula pamenepo! Ndinachiyeza ndi mkono, ndipo ndinaona kuti kutalika kwake ndi chimodzimodzi munsi wanga wa tsanya, umene amayi anandipatsa polowa m'banja, munsi woti chiswe chinauyesapo n'kubwerera kuchulu chilibe mano.

Jeke kunalibe, ndiye ndinagona chagada m'fumbi n'kuitukula galimotoyo ndi bondo limodzi, Rozina ali momwemo, dzanja ili ndikusema nsonga za munsi ndi kasemasema, dzanja ilo ndikugulula zitsulo za kumapeto kwa shafuti yakale, mabawuti ndikumasula ndi mano chifukwa sipanala inali yaikulu, ndipo zitsulozo ndinazikhomera ku munsi n'kukulunga ndi nsinga za chikopa cha ng'ombe chonyowa zimene dzuwa linaziumitsa ndisanamalize ndi kumanga mfundo, kenako ndinapaka mafuta a nsatsi mpaka munsi unawala ngati mwendo wa namwali. Mukumva? Dzino la m'mwamba limene ndilibeli linatsalira pa bawuti yomaliza.

A Zuze anaponda moto. Zii. Anapondanso. Munsi uli phee. Apo a Malita anati, “Amake Rozina, munsi unayamba wagwirapo ntchito popanda nyimbo?”

Inu ana a chigayo simudziwa. Pamtondo ndiye panali pabwalo la milandu la mkazi. Chimene mwamuna wakulakwira umachiimba uku ukusinja, mudzi wonse ukumva, ndipo iye alibe chilolezo choyankha. Munsi wanga unakulira pa zolakwa za a Zuze. Ndinakwera pa buti n'kuyamba: “A Zuze, a Zuze, chitenje changa mwapukutira chitsulo, ine ndivale dzuwa?” Galimoto inanjenjemera, n'kunyamuka.

Koma munsi sudziwa kungozungulira basi, umafunanso kusinja, ndiye tinkapita tikudumpha, di! di! di!, mapira amene anthu anayanika m'mbali mwa msewu ankasanduka ufa tikadutsa, malambe ankagwa okha m'mitengo n'kusweka, ndipo pa mchenga wouma wa mtsinje wa Mwanza munsi unagunda kamodzi madzi n'kutumphuka, pamene amayi amatunga mpaka lero popanda wondithokoza. Patsogolo anyamata a makadi a chipani anali atatambasula chingwe, akufuna makadi atatu ndi lina la wa m'mimba. Ndinakweza mawu pa nkhani ya mbuzi yanga imene a Zuze anasinthanitsa ndi batire, ndipo tinawadumpha pamutu, iwo anangoona munsi ukuzungulira kumwamba, mmodzi n'kuvula chipewa. Mukumva?

Ndipo a Zuze, munthu amene kale ankathawira kudimba akamva ndayamba kusinja, anali akufuula, “Imbani pontho, imbaninso! Musaiwale za kachasu wa pa maliro a amalume!” Ndinaimba za kachasu. “Za mkonono!” Ndinaimba za mkonono. Ndinaimba za nsapato zimene anandilonjeza tili pa chibwenzi, za nthutumba ya nkhuku imene anadya okha alendo akuyang'ana, za njere za thonje zimene anaiwala pa mvula.

Malata a chipatala atayamba kuoneka patali, pamwamba pa kamtunda, zolakwa zinatha. Ndinafufuza m'mutu monse, ine amene sindiiwala ngakhale singano yobwerekedwa. Panalibe. Munthu ndakhala naye zaka zonsezo, zoipa zake zinangokwana mtunda umenewo. Ndinabwereza za mbuzi, munsi unakana, sufuna zosinjasinja kale. Ndinati mwina ndiwatame, ndinaimba kuti sanandikwezerepo dzanja, kuti chaka cha njala ankanama kuti adya kale kuntchito kuti ife tikhute. Galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo! Ndinatseka pakamwa msanga.

Rozina anali atasiya kubuula. Mutu wake unali utagwera pambali, milomo itatuwa. Amene munabereka mukudziwa kuti kubuula ndi bwino.

A Zuze anatembenuka. Misozi ili mbwembwembwe, anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, “Amake Rozina, ndiwo zanu sizikolera mchere. Amayi anga ndiye ankaphika.”

Ine? Mawu amenewo kuchokera kwa munthu wophikira azungu supu wamadzi okhaokha? Nyimbo imene inatuluka m'kamwa mwanga sindinaimbeponso. Munsi unalira ngati mphambe, mateyala anasiya nthaka, tinadutsa fumbi lathu lomwe, tinadutsa khwangwala amene anatitukwana, ndipo tinathamanga kuposa nyimboyo, moti tinaima pakhomo la chipatala mwakachetechete, masisitere n'kumunyamula Rozina, ndipo iwe Joana unali utabadwa kale, atakusambitsa, pamene nyimbo yanga inafika ili wefuwefu n'kulowa pazenera. Ndiye mawu oyamba amene unamva pa dziko lino ndi a mchere. Si chifukwa chake umathira wambiri? Mawu ena amene anatsalira m'njira anthu ankawatola mawa lake, moti boma lonse la Chikwawa linadziwa za mkonono wa a Zuze.

Shafuti ya ku Limbe sinabwere. Galimotoyo inayendera munsi wanga mpaka madzi osefukira anaitenga kupita nayo ku Mozambiki, ndipo ngati kumeneko kuli mkazi wa mwamuna wovuta, ikuyendabe. Amene akufuna umboni abwere adzaike chala pamene panali dzino langa.

Zimene sizinabwezedwe ndi izi. Ngolo: alamu anabweza goli lokha. Mkamwini sanatithokoze, anabwera ndi nsomba zitayamba kale kununkha. Dzino, ndakhululuka. Munsi: a Zuze analonjeza kundisemera wina, anadula mtengo, mtengowo uli kuseri kwa khola mpaka pano. Ndi mawu a mchere aja. Anadya ndiwo zanga mpaka tsiku lomaliza, akupukuta mbale ndi chala, osapemphapo mchere ngakhale kamodzi, koma pakamwa pawo sanawabweze mawuwo. Nditawakumbutsa ali gone pa mphasa ya matenda, anaseka n'kuti, “Asungeni, amake Rozina. Mwina kutsogoloku kuli kamtunda kena.” Ndawasunga. Ndikakawapeza kumeneko, tikayambira pamenepo.