Mmene Ndinasamutsira Phiri la Eni Ake

Kuli mabanja ena ku Annandale amene mpaka lero, akandiona m'sitolo, amayamba kusankha tomato mwakhama kwambiri kufikira nditadutsa. Sindiwadandaula, amalakwa chiyani. Zonse zinayamba ndi buku lomwe ndinagula pamsika wa zinthu zakale kubwalo la tchalitchi, ndipo zinatsirizidwa ndi pakamwa panga.

Munali m'kati mwa zaka za m'ma 1990. Ndinkasamalira agogo ena a mtundu wa Chiarmenia, a Siranushi, m'nyumba ya mwana wawo a Garo, dokotala wa mano. Ine ndinkakhala nawo masiku a pakati pa sabata, ndipo Loweruka ndi Lamlungu kunkabwera Misozi, mtsikana wa ku Lusaka. Ntchito yake ambiri a ife Amalawi okhala kuno kunja timaidziwa: kusambitsa, kuveka, kumwetsa mankhwala, ndi kumvetsera nkhani imodzi yomweyo tsiku lililonse ngati ukuimva koyamba.

Nkhani ya agogowa inali phiri. Chithunzi chake chinali pabalaza, kukhitchini, ndi pamwamba pa bedi lawo: chiphiri choyera kunsonga, kamnzake kakang'ono pambali. Dzina lake Ararati, lomwe lija tinaphunzira ku Sande sukulu kuti chingalawa chinakaimapo chigumula chitatha. Iwo anabadwira ku Beirut, makolo awo atathawa kuphedwa kalekale, ndipo ku Armenia anali asanapondeko chibadwire. Koma ndikamawapesa tsitsi ankati, "Ndisanafe ndikaligwira phiri lathu ndi dzanja ili."

Tsiku lina a Garo anatiitana tonse awiri. Anati popeza dziko lawo linali litadziimira palokha, m'mwezi wa Ogasiti atenga amayi awo kukaona kwawo, ndipo pafunika mmodzi wa ife. Anawonjeza kuti amene apite ndi amenenso azidzakhala ndi agogo pakati pa sabata akabwerako, chifukwa nkhalamba sifuna kusinthasintha manja. Masiku a pakati pa sabatawo ndi amene ankandilipirira nyumba ku Greenbelt ndi kuphunzitsa azing'ono anga kumudzi. Ndinatsimikiza kuti Misozi sandilanda ntchito ndili maso.

Ndiye ndinalipeza bukulo, lotsogolera alendo okacheza kumaiko a kumeneko, chikuto chake chitapindika. Sindinayang'ane chaka chimene linalembedwa (ndikanayang'ana, bwenzi mukuwerenga nkhani ya munthu wina). Ndinkaliwerenga m'sitima popita, m'basi pobwerera, ngakhale pa nthawi ya zolengeza kutchalitchi, Mulungu andikhululukire. Pasanapite nthawi ndinayamba kudzimva kuti ndikudziwa za Armenia kuposa munthu aliyense wa ku Ntcheu amene anakhalako pansi pano, zomwe mwina zinali zoona.

Ndinayamba ndi a Garo. M'mawa wina akumwa khofi ndinawakumbutsa kuti asaiwale kupempha chilolezo ku Moscow, pakuti popanda chidindo cha kumeneko sangatilole kutuluka mumzinda wa Yerevan, likulu la Armenia. Anandiyang'ana mmene amayang'anira dzino lobowoka, nkunena mofatsa kuti boma la ku Moscow lomwe linkalamulira Armenia linatha. Munthu wanzeru akanatseka buku pomwepo. Ine ndinangoganiza kuti a dokotala ndi otanganidwa, sawerenga.

Kenako bukulo linati mlendo azitenga timphatso: chingamu ndi zolembera. Apa ndinagwirizana nalo ndi mtima wonse, chifukwa Mmalawi sapita kwa eni ake chimanjamanja. Ndinadzaza chikwama chonse, chingamu pansi, zolembera pamwamba. Misozi atachiona anaseka mpaka kugwira khoma.

"Imwe asisi, manje mufuna kukasegula kantemba kogulitsa chingamu kuja?" anatero. "Agogo afuna chabe muntu wobagwira kwanja. Vamabuku visiyeni."

"Iwe uzigwira dzanja," ndinamuyankha. "Ine ndigwira mutu."

Ndinkayankha anthu motero masiku amenewo.

Kenako ndinafika pa mapu a pakati pa buku. Ndinafufuza Ararati ndi chala, ndinamupeza, ndipo ndinakhala tsonga. Pakati pa mzinda wa Yerevan ndi phirilo panadutsa mzere wofiira wa malire. Phiri linali tsidya lina, m'dziko la Turkey. Bukulo linanenanso kuti pamalirepo pali asilikali ndi waya, munthu sadutsa.

Ndinawamvera chisoni agogo, ndipo ndikunena zoona. Nkhalamba ikwere ndege ulendo wonsewo, ikapeze kuti phiri lake kulibe? Koma pansi pa chisonicho panalinso kachimwemwe, chifukwa ndinakhulupirira kuti ndatulukira chinthu chimene banja lonse silinkachidziwa. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Sindinafunse aliyense, ngakhale Misozi. Ndinasunga nkhaniyo kudikira malo oyenera.

Malowo anapezeka. Lamlungu lina achibale onse anasonkhana kudzadya nkhomaliro yotsanzikana ndi agogo, ndipo ife awiri tinaitanidwa. Panali amalume a a Garo, azakhali angapo ovala zakuda, ndi wansembe wawo wandevu zofika pachifuwa. Mwambo wawo ndi wakuti patebulo munthu amaimirira ndi tambula m'manja nkunena mawu ofunira ena zabwino, onse nkumwa. Buku langa linati mlendo akachita chimodzimodzi eni ake amakondwa kwabasi. Amalume atakhala pansi, ine ndinaimirira ndi tambula yanga ya madzi a zipatso.

Tsono inu mukudziwa zimene zimachitika Mmalawi akapatsidwa bwalo. Ndinayamba ndi kupereka ulemu: kwa agogo athu, kwa abambo wansembe, kwa a dokotala ndi mayi a kunyumba, kwa amalume, kwa azakhali mmodzimmodzi, kwa ana, ndi kwa onse amene ndikanawaiwala. Anthu aja anali asanaonepo zotere. Anaomba m'manja. Wansembe anagwedeza ndevu. Agogo anamwetulira, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti ulendo ndi wanga. Ndikanangoti "tiyeni timwe" nkukhala pansi, bwenzi nditakwera ndege.

Koma kuomba m'manja kuja kunandiledzeretsa kuposa mowa umene anzanga ankamwa. Ndinaika tambula pansi, ndinapisa m'chikwama, ndinatulutsa buku.

"Pomaliza," ndinatero, "ndili ndi uthenga woti ukupulumutseni kuti musakavutike pachabe. Phiri ili," ndinaloza chithunzi cha pakhoma, "simukalipeza ku Armenia. Lili ku Turkey. Ndi la anthu a ku Turkey. Onani mzere wofiirawu."

Amalume anaika foloko pansi pang'onopang'ono. Mmodzi wa azakhali anagwira pakamwa, wina anayamba kulira chamumtima. Ine ndinaganiza kuti adzidzimuka ndi nkhani yatsopano, choncho (apa ndiye pamene ndimadzibisa kumaso ndikakumbukira) ndinazungulira tebulo ndi buku lotsegula, nkukaliika pamaso pa wansembe kuti adzionere yekha. Misozi ankandikoka diresi ndikamadutsa, ine nkumamuchotsa dzanja.

"Wakuuza ndani?" anafunsa agogo. Mawu awo anali otsika.

"Buku, agogo."

"Bukulo linabadwira kuti?"

Ndinatembenuza chikuto kuti ndiyang'ane. Inde, ndinayang'anadi. Apo ndi pamene akazi a a Garo anandigwira pamkono nkupita nane kukhitchini.

"Tonse tikudziwa," anatero atatseka chitseko. "Ngakhale ana aja akudziwa. Makolo athu ambiri anachokera tsidya limenelo, ndipo sanachokeko mwa kufuna kwawo. Ukuganiza kuti chithunzicho chili m'chipinda chilichonse chifukwa chiyani?"

Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Ndinatsuka mbale zonse za phwandolo ndekha, ngakhale zimene zinali zotsuka kale, kuti ndisabwererenso pabalaza.

Lolemba agogo anakana kuti ndiwasambitse. Mankhwala ankalandira, koma maso ali kukhoma. Ndinapepesa, sanayankhe. Zinakhala choncho masiku angapo, ine ndikuyenda monyang'ama m'nyumba ngati mphaka waba nsomba. Kenako m'mawa wina, ndili chiimire ndi beseni pakhomo pa chipinda chawo, anandifunsa osandiyang'ana kuti kwathu nkuti.

Ndinakondwa kuti alankhula, ndiye ndinamasuka. Ndinawauza za ku Lizulu, za kabichi ndi mbatata za pamsika, ndi za msewu waukulu umene ndiwonso malire a dziko. Ndinati nyumba ya amayi ili mbali ino ya msewu, koma manda a kwathu ali tsidya lina, ndipo bambo anga anagona kumeneko.

"Tsidya linalo ndi dziko liti?"

"Pa mapu amati Mozambique."

"Ndiye kuti bambo ako ndi a anthu a ku Mozambique."

"Ayi!" Ndinachita kukuwa, madzi nkutayikira pa kapeti. "Kumene kuja ndi kwathu! Mzere umenewo anajambula ndi anthu oti sanafikeko nkomwe, ife tinali tikuika maliro kumeneko kale..."

Ndinalekera pomwepo. Agogo anali akundiyang'ana tsopano, nsidze imodzi ili m'mwamba.

"Madziwo azizira," anatero. "Bwera undisambitse."

Anandikhululukira, koma kukhululuka ndi kwina, ulendo ndi kwina. A Garo anandiuza mwaulemu kuti achibale a ku Yerevan amva kale za ine pa foni, ndipo ndi bwino kuti apite Misozi. Sindinatsutse.

Madzulo ake ndinatenga buku lija kuti ndikaliponye m'bini. Koma dzanja lozolowera silimva, ndinatsegulanso, ndipo ndinagwera pa kandime kamene ndinali ndisanakawerenge. Kanati m'miyezi yotentha phirilo limabisala m'nkhungu tsiku lonse, alendo ambiri amabwerera osaliona. Wofuna kuliona adzuke kusanache, apite pa kachitunda kena kufupi ndi malire pamene pali nyumba yakale ya amonke, anthu odzipatula kuti azipemphera. Ndipo ulendo wa agogo unali wa mu Ogasiti.

Ndinaganiza zowauza a Garo, koma ndikanayamba bwanji? "Buku langa likuti"? Akanandithamangitsa ndi chozulira mano. Choncho Loweruka ndinapita kukapeza Misozi kukhitchini, ndinamufotokozera zonse m'chinenero chathu kuti ena asamve, ndipo ndinamulumbiritsa kuti asatchule dzina langa kapena buku.

"Asisi, simunachoke mu vamabuku?" anandifunsa.

"Ingokumbukira: kusanache, pa kachitunda."

Anapita, anabwerako. A Garo anandifotokozera okha, maso ali ndi misozi. Anati masiku oyamba onse kunali nkhungu yokhayokha, amayi awo ankakhala pawindo la hotela osadya, nkumati phiri lawakana. Ndiye tsiku lina Misozi anawagogodera kusanache, anaumirira kuti apeze galimoto, ndipo anawatengera pa kachitunda ka amonke. Dzuwa likutuluka, phiri lonse linaonekera, lalikulu ngati lili pakhomo. Agogo anatambasula dzanja nkuyamba kulilankhula m'chinenero chawo, ndipo ngakhale woyendetsa galimoto analira.

"Mtsikana uyu ali ndi nzeru zobadwa nazo," anatero a Garo. "Sitikudziwa kuti anadziwa bwanji."

Ndinayang'ana Misozi. Iye anali kalikiliki kupukuta tebulo louma kale.

Masiku a pakati pa sabata anapita kwa iye monga mwa pangano. Ine ndinatsala ndi Loweruka ndi Lamlungu, ndipo ndinachita kufunafuna nkhalamba ina ku Arlington kuti nyumba ya ku Greenbelt isandithawe. Zinandiwawa, sindinama. Koma ndinkakondwanso kuti dzanja lija linatambasulidwa, ngakhale kuti sindinalipo.

Anzanga amandifunsa ngati mabuku oterewa amathandiza munthu wopita kwa eni ake. Ndimati amathandiza. Langa silinaname za mzere, silinanamenso za nkhungu. Vuto linali loti silinandiuze kuti ndi mawu ati onena utaimirira pagulu, ndi ati onong'oneza kukhitchini, ndipo ine ndinazisemphanitsa.

Kuyambira pamenepo agogo anali ndi nkhani yatsopano, ndipo ndinkaimva Loweruka lililonse ndikuwasambitsa. M'nkhaniyo nzeru za Misozi zinkakulirakulira nthawi iliyonse agogo akaikamba, mpaka anafika ponena kuti ananunkhiza mphepo nkudziwa kuti nkhungu ichoka. Pomaliza agogo ankandigwira dzanja mwachifundo nkundilangiza.

"Uzitengera chitsanzo kwa mnzako, mwana wanga. Iye sawerenga mabuku."

Ine nkumati, "Zoona, agogo. Kwezani mkono."