Supuni Ziwiri za Mafuta a Chamba

Nkhani iyi ndinafuna kupita nayo kumanda, koma amayi akunyumba ayamba kale kuifotokoza kwa anzawo a kumpingo, ndipo akuithira mchere wambiri. Ndi bwino muimve kwa mwini wake.

Mawondo anga anayamba kundizunza nditapuma pantchito. Mapiritsi atalephera, dokotala anandilembera kalata yoti ndikagule mafuta opangidwa kuchokera ku chamba, pa kasitolo kena ka mankhwala ku Kabulonga. Ine, mkulu wa mpingo, amene ndimadzudzula osuta kuseri kwa msika wa Kabwata! Ndinapitabe, chipewa nditachikokera kumaso.

Mayi wogulitsa anandiikira timabotolo titatu, tofanana msinkhu, tosiyana nambala.

"Ba shikulu, nambala iyi ionetsa mphamvu," anatero. "Imwe muyambile aka ka nambala ing'ono."

Tsono ife a sukulu ya mishoni tinaleredwa kuti nambala yaikulu ndiyo yaulemu; wa malikisi ochepa ankalawa ndodo.

"Mwana wanga, ine sindinakhalepo kumchira. Ndipatseni ka pamwambako."

"Aka ni ka anthu amene thupi inazolowela kudala."

"Mawondo awa avutika inu musanabadwe."

Anapukusa mutu, nandichenjeza kawiri kuti ndizingodontheza dontho limodzi pansi pa lilime, kenako ndidikire maola angapo. Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

Loweruka lotsatira ndinali ndi ntchito yolemera. Mphwanga Masauso ankafunsira mkazi kubanja la Chibemba ku Chelstone, ndipo ine ndinali mkhalapakati wake, amene iwo amati shibukombe. Zinthu zinali zitaipa. Masauso anatenga mkaziyo kukamuonetsa ku Chipata akuchikazi asanalandire mbale zathu zofunsira, ndipo amalume ake a mkaziyo analumbira kuti atibwezera mbalezo. Mbale zikabwerera, ukwati watha. Ine ndinkadziwa kuti ndikagwada nthawi yaitali.

Ndinayang'ana kabotolo kaja. Kumishoni, asisitere ankatimwetsa mankhwala ndi supuni yaikulu. Madontho anali a m'maso. Ndinamwa supuni. Patapita theka la ola mawondo anali chiwawire, choncho ndinaonjezera ina (apa owerenga amene amadziwa zinthuzi agwira kale kumutu).

Zinayambira m'minibasi. Ndinaona kuti kondakitala ndi munthu wokoma mtima kwambiri, ndipo ndinamuuza zimenezo. Amayi akunyumba, amene anandiperekeza, anandiyang'ana cham'mbali.

"Bambo, muli bwino?"

"Sindinakhalepo bwino chotere."

Titafika, ndinagwada pakapeti ngati mnyamata wa m'kwaya, mawondo osamva kanthu. Amalume aja anayamba kulankhula, moto uli lawilawi. Ine ndinayesetsa kumvetsera, koma maluwa a pa katani yawo anali okongola modabwitsa, ndipo limodzi linkaoneka ngati likundigwedezera mutu. Maganizo anga atabwerera m'chipindamo, amalumewo anali akumaliza.

"Nomba ba shibukombe, muyankhe. Mwana wanu atiyesa vipuba, anthu opanda nzelu?"

Mawu onse amene ndinakonza sabata yathunthu, miyambi yake yomwe, anali atasamuka. Ndinangowayang'ana. Pamenepo ndinaona kuti ndevu zawo zimavina akamapuma, ndipo chiseko chinanyamuka m'mimba mwanga. Kuseka pabwalo loterolo kukanakhala kuswa mbale ndi manja anga. Ndinaluma milomo, ndinagwira mpweya, mapewa akunjenjemera, mpaka misozi inayamba kutsika masaya onse awiri.

Kenako mayi ake a mkaziyo anawomba m'manja kamodzi, nacheukira amalume aja.

"Ba yama, mwaona? Mwaliza mkulu wa imvi, wogwada m'nyumba mwathu! Analakwa ni Masauso, osati aba."

Amalume aja anatsokomola, nayang'ana pansi. "Iyai, ba shikulu, nyamukani. Sitinafune kuti vifike apa."

Ndinalephera kunyamuka, pakuti miyendo inali ngati ya munthu wina. Iwo anayesa kuti ndikukana mpaka atakhululuka, ndipo anatambasula manja, nalandira mbale zija. Azimayi analulutira. Mawu okha amene ndinalankhula m'nyumba imeneyo anali akuti, "Kodi muli ndi kachakudya?" Akuchikazi anati amenewo ndiwo mawu a mtendere. Ndinadya nkhuku ngati wochokera kundende, amayi akunyumba akunditsina m'nthiti.

Kunyumba mtima unathamanga, denga linazungulira, ndipo ndinalapa machimo ena amene sindinachite n'komwe. Ndinagona mpaka Lamulungu masana, n'kujomba kutchalitchi koyamba chikwatirire. Lolemba ndinabwerera ku Kabulonga, chipewa chili m'manja, n'kupempha ka nambala yaing'ono. Mayi uja anamvetsera zonse osaseka, Mulungu amudalitse, nangoti ndinachita mwayi kuti sindinakagone kuchipatala. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinauzidwa bwinobwino, n'kudyabe.

Masauso anakwatira, ndipo sadziwa kanthu. Vuto n'lakuti mbiri yafala kuti ku Kabwata kuli shibukombe amene amafewetsa mitima osatsegula pakamwa. Mwezi watha kunabwera banja lochokera ku Woodlands kudzandipempha. Ndisanayankhe, amayi akunyumba anati, "Pepani, abambo anapuma. Mphatso imene ija inali ya tsiku limodzi."