Matumba Khumi a M'chipewa

Lolemba
Bambo a Tiyanjane atumiza ndalama kuchokera ku Joni, zokwana matumba khumi a mbatatesi. Akuti geni ikagwira abwera pa Khirisimasi, osabwereranso. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikugona ndi wailesi!
Che Yusufu a golosale pano pa Nsipe akuti: "Mayi, osaponya zonse ulendo umodzi. Matumba awiri basi. Ndipo yambani mwayesera pamkeka."
Zofunika:
nyemba khumi, ndiwo matumba;
timapepala ta mitengo, yabwino ndi yoipa;
tina tolemba "zawola" ndi "lole yafa";
chipewa chotolamo.
Chipewa ndi cha bambowo. Fungo lawo lidakalimo pang'ono.

Lachiwiri
Kutola kapepala kamodzi ndi ulendo umodzi wa kumsika wa ku Lizulu. Ndayenda maulendo makumi awiri ndili chikhalire pakhonde, matumba awiriawiri. Nyemba zawonjezekera zinayi. Zinayi! Pamenepa mwamunayu adzafika ndi ndodo, mano atatha.

Lachitatu
Lero ndikuponya onse khumi. Che Yusufu sakundiona.
Ulendo woyamba, phindu. Wachiwiri, phindu. Wachitatu ndayamba kale kusankha mtundu wa malata. Wachinayi: "lole yafa." Zonse psiti.
Ndalira, munthu wamkulu, kulirira nyemba. Ndawasowa bambowa, ndisaname.

Lachinayi
Ndaona pamene pali vuto: ndi timapepala toipati. Ndatisonkhezera pamoto.
Tsopano geni ikuyenda! Nyemba zatha, ndikuwerengera chimanga. Pofika masana ndili ndi lole yangayanga, bambo ali kutsogolo, chigongono pawindo. Ndasesa kuchipinda, ndachapa ndi bulangete lawo lomwe.

Lachisanu
Ndapita nacho chipewa kugolosale kukaonetsa zotsatira. Che Yusufu atola kapepala, atola kena, atola kachitatu, tonse tabwino. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi.
"Msika umenewu uli kuti, mayi, nane ndikagulitseko?"
Anthu ogula shuga aseka. Ine sindinaseke. Mawa ndikupita ndithu, ndipo ndikagula onse khumi.

Loweruka
Lizulu. Chisanu, fumbi, aliyense akukuwa mtengo wake. Ndalama zili m'mpango, mpango uli m'chiuno.
Ndisanayambe n'kutsatsa komwe, ndaona lole m'mbali mwa msewu, mawilo awiri atachotsedwa. Akuti yagona pamenepo masiku anayi. Mayi wina wakhala pamwamba pa matumba ake, madzi akuda akudontha pansi, ntchentche zili ng'waa. Sakulira. Akungoyang'ana msewu.
Kapepala kameneka ndinakawotcha ine Lachinayi, koma kuno sanamve.
Ndagula awiri. Ndagulitsa pa Nsipe m'zidebe mpaka dzuwa kulowa. Phindu: sopo mmodzi ndi mayunitsi.

Lamulungu
Tikuchokera kutchalitchi ndawaimbira bambo a Tiyanjane. Afunsa za geni. Ndinakonza zowauza za lole yanga ija, koma pakamwa patuluka zoona: matumba awiri, phindu lochepa, ndalama zawo zilipo zonse.
Akuti ndachita bwino. Akuti ndine mkazi wanzeru. Kenaka ndikumva akuwerengera chamumtima.
"Ndiye tiyeni tionenso chaka chamawachi, amayi a Tiya."
Ndayankha kuti chabwino. Nzeruzi ndadana nazo.
Nkhani zatha koma palibe wadula foni. Ndangokhala pakhonde, kumvetsera akupuma, mpaka phindu lonse lathera m'khutu.