Chala cha a Fyson

Ku lokeshoni ya Mzilikazi kunalibe munthu wosadziwa chala cha a Fyson Mbewe. Mkuluyu sankalankhula asanaloledwe. Ankakweza chala cha mkombaphala n'kudikira kuti mnzake anene kuti, "Lankhulani." Ukanena kuti "Dikirani," ankatseka pakamwa pomwepo, ngakhale nyumba ikupsa.

Khalidweli analitola ku ntchito. Atapuma ku njanji, anayamba kupanga timabokosi toika pa mathanki a madzi ku dera la Cowdray Park. M'kati munali kakompyuta koyeza madzi ndi kawayilesi kotumiza uthenga ku golosale ina, kuti amayi asamayende ulendo wachabe ndi zigubu.

"Kakompyuta n'kolongolola," ankamuuza Pius, mwana wa mlongo wawo, yemwe ankagwira naye ntchito. "Kawayilesi n'kochepa mimba. Ukakathira mawu kasanameze oyamba, enawo amatayika. N'chifukwa chake pali mawaya awiri awa. Wina amafunsa kuti ndilankhule? Mnzake amayankha kuti lankhula, kapena dikira. Ulemu umenewo, mphwanga."

Ulemuwo unawayendetsa mitunda. Tsiku lina m'kombi anakweza chala pofuna kutsika, kondakitala n'kumaganiza kuti mdalayo akuloza denga lodontha. Anakafika nawo mpaka m'tauni.

"Kanti baba, bwanji simunanene?" anafunsa kondakitalayo.

"Sunandiuze kuti ukumva, mwananga."

Kutchalitchi ndiye kunali zoopsa. Abusa atawapempha kuti atseke ndi pemphero, mpingo wonse unatsinzina, iwo n'kukweza chala. Ndani akanachiona? Anthu anaima mpaka mawondo kunjenjemera, ena n'kumati mkuluyu wagwidwa ndi Mzimu. Mwamwayi akazi awo, mayi Winifred, anasuzumira ndi diso limodzi n'kunong'ona kuti, "Lankhulani, a bambo, anthu akomoka."

Pius ankaseka nawo zonsezi. Chaka chatha miyendo itayamba kuwatupa a Fyson, iye anatsala yekha kupanga mabokosi atsopano, ndipo pofulumira anasiya mawaya awiri aja osalumikiza. Pa tebulo zonse zinkayenda bwino. Koma pa thanki, kawayilesi kakatanganidwa, mawu ankatayika m'njira, moti thanki youma inkaoneka ngati ili ndi madzi. Amayi a ku Cowdray Park anabwera ndi zigubu zawo zopanda kanthu kudzakalipa pakhomo. A Fyson anamvetsera mpaka womaliza, anakweza chala, ndipo ataloledwa anapepesa ngati olakwa ndi iwo.

Amayiwo atapita, anatsegula bokosi limodzi, analiyang'ana, n'kulitseka. Kenako anatembenukira kwa Pius n'kukweza chala.

Pius anafulumira kunena kuti, "Dikirani, Malume, foni ikulira."

Foni sinkalira. Chala chinatsika mwakachetechete.

M'mawa mwake chinakweranso. "Dikirani, Malume, kombi indisiya." Tsiku linalo anati mutu. Pius anali atatulukira kuti palibe munthu wosavuta kumuthawa ngati amene amasunga lamulo lake, ndipo anachita nazo manyazi, komabe anapitiriza. Ankadziuza kuti ayambe wakonza mabokosi onse, kenako adzakhala pansi n'kulandira mawu ake ngati mwamuna. Amalume ake atagonekedwa m'chipatala, iye anali pamwamba pa mathanki, kuwotcherera mawaya. Uthenga wa maliro unamupeza komweko.

Atabwerako ku manda, anapeza mayi Winifred akupinda jekete ya malemu.

"Anti, kodi ankafuna kundikalipira?"

"Kaya, mwanawe. Ndinawachonderera kuti andiuze ine. Anati uthengawo ndi wa Pius, ndipo Pius wanena kuti dikirani."

"Anali okwiya?"

"Ayi. Kungoti chitseko cha wodi chikatseguka, ankayang'ana komweko, chala atakonzekeratu."

Pius anakhala pansi pa simenti.

Masiku ano mabokosi a ku Cowdray Park sanama. Kutchalitchi mapemphero amayamba nthawi yomweyo, m'kombi aliyense amakuwa za iye mwini, ndipo anthu amati Mzilikazi wasanduka waphokoso. Pius amagwirabe ntchito pa tebulo lomwe lija, mpando wa amalume ake uli pambali. Mayi Winifred akamadutsa pazenera nthawi zina amamuona ataika zipangizo pansi, akuyang'ana mpandowo.

"Lankhulani, Malume," amatero.

Ndiye amadikira.